Foni Yati Febbie Anawoloka

"Tula madzi ayo, ukhale pansi, uniuze bwino. Ku Zumbo upita kukaona ndani?"

Febbie anali asanatsitse n'komwe chigubu pamutu. Anti ake, a Esnart, mng'ono wa amayi ake, anali ataima pakhomo atagwira foni ya Febbie ndi zala ziwiri ngati nsomba yowola.

"Ku Zumbo? Ine, Anti? Sininapondeko na tsiku limodzi."

"Manje ichi ni chani?"

Anamuonetsa mauthenga atatu. Anali m'Chingelezi, ndipo onse ankanena chimodzimodzi: takulandirani ku Mozambique. A Esnart sukulu sanapite nayo patali, koma kuwerenga dzina la Mozambique sikufuna satifiketi. Masiku nawo anali pomwepo: Lachiwiri, Lachinayi, kenaka Lachiwiri linanso, onse cha m'ma fifitini awazi masana, nthawi imene mwana wa giredi 11 amayenera kukhala m'kalasi pa pulepu, kuwerenga ndi anzake.

"Emeldah namufunsa kale," anatero a Esnart. "Akuti pa pulepu sumapezekapo masiku ena. Manje kana futi nimve."

Febbie anatula chigubu pansi. Emeldah, mnzake wa pa desiki limodzi, amene ankamubwereka foni yomweyo kuti azijambulira nkhope yake! Koma pa za pulepu Emeldah sananame. Febbie ankathawadi. Kusukulu foni inali yoletsedwa, ndipo kunyumba ukangoigwira, ntchito inkabadwa pomwepo. Ndiye iye anapeza mtengo wa masau kumtunda kwa doko, pamalo oyang'anana ndi Zumbo, tauni ya ku Mozambique patsidya pa mtsinje, n'kumakhala pamenepo kuonera mavidiyo a sayansi. Mankhwala amene aphunzitsi ankangowajambula ndi choko pabolodi, pafoni ankawaona akusintha mtundu m'botolo. Febbie ankafuna kudzagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala, ndipo ankaona kuti choko chokha sichimufikitsa kumeneko.

"Pa pulepu nalakwa, Anti. Nimakhala pa masau paja, kuwerenga. Koma kuwoloka sininawoloke. Foni siidziwa malire. Mlongoti wa netiweki wa ku Zumbo uli pafupi, patsidya chabe. Ukakhala pamtsinje, nthawi zina foni isiya wa kuno, igwira wa kuja, iganiza ati wawoloka."

"Iganiza! Foni manje ili na mutu?"

"Ninawerenga, Anti, ati mafunde a..."

"Choka apa na zowerenga zako!"

Vuto la Febbie linali lomwelo. Mwanayu anali ndi pakamwa podzaza zodabwitsa. Tsiku silinkapita osamva, "Anti, mudziwa kuti mvuu siisambira, iyenda chabe pansi pa madzi?" kapena, "Anti, mudziwa chifukwa chake mphezi tiyamba kuiona tisanaimve?" Masiku ena a Esnart ankaseka n'kumutcha pulofesa. Lero nzeru zomwezo zinawaopsa. Anaganiza kuti mwana wodziwa kufotokoza chilichonse sangalephere kufotokoza bodza.

Ndipo mantha awo anali ndi pochokera. Mwana wawo woyamba, Everlyn, nayenso ankati ali ku pulepu. Anali giredi 10 pamene wamalonda wina wa nsomba anayamba kumuwolotsa pa boti, lero kukamugulira chitenje, mawa nsapato. Pamene a Esnart ankadzidzimuka, mimba inali ya miyezi isanu, sukulu itatha, mwamunayo atasowa. Chilonda chimenecho sichinapole. Tsopano mwana wa mkulu wawo, amene anawasungitsa, ankaoneka kuti walowa njira yomweyo, ndipo a Esnart analumbira mumtima kuti ulendo uno sadzadzidzimuka mochedwa.

"Atate ako nawatumira foni kale," anatero. "Abwera lero masana na bwato. Longa katundu. Uzapita kukaingitsa mbalame kumunda wa mapira kwanu ku Mphuka, kusiyana n'kuti unibweretsere mimba pakhomo pano."

Febbie analira. Ankawadziwa atate ake, a Yakobe. Tsiku limene ankamusiya kwa a Esnart ku Boma ananena mawu amodzi okha: ukayamba masewera, ubwerera. Ndipo iwo akanena sankabwereza.

Linali Loweruka, tsiku la msika, ndipo a Esnart sakanasiya nsomba zawo chifukwa cha misozi. Anamutenga Febbie kupita naye kumsika, n'kumukhazika pambali pa thebulo ngati mkaidi. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale ukali wake. Aliyense wovala buluku amene anadutsa pafupi, a Esnart ankamuyang'ana kumaso, kenaka n'kuyang'ana Febbie, kuti aone amene ayambe kuphethira.

Tsoka ilo, panadutsa Valentino, woyendetsa boti la injini lowolotsa anthu, munthu wopatsa moni ngakhale mbuzi.

"Mwauka tani, amai? Ah, na wasukulu alipo lero! Mabuku ayenda?"

"Umudziwira kuti?" a Esnart anafunsa, mpeni wa nsomba uli m'manja.

"Ine? Nimamuona chabe ku mtsinje."

"Ku mtsinje!"

"Pansi pa mtengo, amai, na foni yake. Sakamba na munthu."

"Ee, ungakambe chani iwe? Mbala ingaulule mbala inzake?"

Valentino anayang'ana mpeni uja, n'kuona kuti moni wake wagwa pa moto. Anachoka osagula kanthu. Kwa a Esnart umenewo unali umboni wina: bwanji wathawa? Akanakhala kuti anaima n'kumacheza, akanati taonani kupanda manyazi. Tsiku limenelo panalibe chimene munthu akanachita choti n'kumuyeretsa Febbie.

Nayenso Febbie mutu unali kuyenda. Emeldah anaulula chifukwa chofunsidwa, kapena anachita kudzipereka yekha? Kapena n'chifukwa cha mayeso a masamu aja amene anakana kumuonetsa? Nanga Anti anadziwa bwanji manambala otsegulira foni? Ndiye kuti masiku onsewa ankamusuzumira akamatsegula? Anayamba kuona ngati nyumba yonse, kalasi yonse, inali ndi maso pamsana pake.

"Anti," anatero chapansipansi, "bwato la atate lizafikira pa doko. Mtengo wamasau uli pafupi pamene paja. Tiyeni tikawayembekezere pamenepo. Muzaona mweka uthenga ukabwera."

"Ukapanda kubwera?"

"Nizapita ku Mphuka."

A Esnart anatula mpeni pathebulo. "Chabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma foni nigwira ine."

Itakwana fotini awazi anasungitsa thebulo kwa mnzawo, nadzera kunyumba kukatenga chikwama cha Febbie, n'kutsikira kumtsinje. Anakhala pansi pa mtengo uja. Patsidya, nyumba za ku Zumbo zinkaoneka bwinobwino, malata akung'anima. A Esnart anaika foni pamiyendo, maso ali pomwepo.

Mphindi khumi zinapita. Zii. Theka la ola. Zii. Febbie anapempha kuti aizimitse n'kuiyatsanso. Anaizimitsa, naiyatsa, foni n'kugwira netiweki ya kuno komwe, yodzaza bwino, ngati ikumuseka. Anapempha kuti asunthire kufupi ndi madzi. Anasuntha mpaka matope anayamba kugwira patapata. Palibe chinabwera.

"Lero yaiwala kuganiza?" anafunsa a Esnart.

"Siichita masiku onse, Anti. Nthawi zina chabe."

"Ee. Ichita chabe masiku amene iwe wathawa pulepu. Yochenjera foni yako."

Zimene Febbie ankanena zinali zoona, koma m'makutu mwake momwe zinkamveka ngati bodza, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipiridwa.

Bwato la a Yakobe linafika dzuwa litapendeka. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosakonda mawu ambiri. Analikokera pamchenga, napatsana moni ndi mlamu wawo, nakhala pa muzu wa mtengo. Mwana wawo sanamuyang'ane. A Esnart anafotokoza zonse, kuyambira mauthenga, Emeldah, mpaka Valentino wothawa pamsika. A Yakobe anaitenga foni, naiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Pulepu unathawa?"

"Ninathawa, atate."

"Kangati?"

"Kambiri."

"Ku Zumbo?"

"Sininapiteko."

"Munthu wonama kumodzi, ningamukhulupirire bwanji kwinako?" Anapukusa mutu. "Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Sukulu na zamseri siziyendera pamodzi. Amako akudwala msana, mapira afuna munthu. Kwera."

Febbie ananyamula chikwama. Anaona yunifomu yake ikusuzumira pa zipi yosatseka bwino, ndipo anadziwa kuti akangoponda m'bwato limenelo, sadzaivalanso. Atafika pamphepete pa madzi anaona mabwato a asodzi atandandalikana pa doko, pamalo pamene amayi a pamsika amadzapikulira nsomba m'mamawa. Anaima.

"Anti, imwe mumabwera pano masiku onse kuzagula nsomba."

"Ndiye?"

"Foni yanu mumabwera nayo."

"Ili m'chitenje muno, siichoka."

"Nipempha chimodzi chabe. Tsegulani mauthenga anu."

"Mauthenga a chani? Ine nimatuma na kuyankha, basi. Tuma envulopu tuja ni twa makampani, ati gulani ichi, winani icho. Sinitsegula."

"Tsegulani lero, Anti. Mukapanda kupezamo kanthu, nikwera, sinizakambanso."

A Esnart anamasula mfundo ya chitenje monyinyirika, natulutsa kafoni kawo ka mabatani, kofufuma, komangidwa ndi mphira. Febbie anatambasula dzanja, koma iwo anakabweza.

"Awe! Ungaikemo zako. Nitsegula nekha."

Anayamba kudinikiza. Uthenga woyamba unali wotsatsa mabandulo a intaneti. Wachiwiri wa nyimbo zoimba munthu akakuimbira. Wachitatu, wachinayi, zomwezo. Anali pafupi kukabwezera m'chitenje pamene chala chinaima chokha. Anakayandikiza kumaso. Anadinikizanso, natsika, natsikanso. Pakamwa panayamba kuyenda popanda mawu, akuwerenga masiku.

"Mwapeza chani, mulamu?" anafunsa a Yakobe.

Dzina lija linali pomwepo, Mozambique, lolembedwa chimodzimodzi ngati la mufoni ya Febbie. Lolemba lapitali, sikisi awazi m'mawa. Lachisanu la sabata inayo. Kumbuyoko enanso, mpaka mwezi wa Juni. Iwo amene anali asanaponde ku Zumbo zaka zinayi, chichokereni kukasaka mwamuna wa Everlyn uja! Manyazi anawagwira kuyambira kumapazi. Anakumbukira mmene anamuyang'anira mwanayo tsiku lonse, ndi mmene anamutukwanira Valentino pamaso pa anthu.

Akanatha kutseka kafoniko n'kunena kuti mulibe kanthu. Febbie sankatha kuona zolembedwazo pamene anaimapo, a Yakobe maso awo sankaona tizilembo tating'ono. Kuvomera kunali kudzitsitsa pamaso pa mlamu amene anamupalasitsa bwato mtunda wonsewo padzuwa, komanso pamaso pa mwana.

"Mulamu," anatero, akuwapatsa kafoni kaja, "ngati mutenga mwana chifukwa cha uthenga uja, munitenge na ine. Iyi ikamba ati nawoloka kasanu na kawiri."

A Yakobe anayang'ana kafoniko, nayang'ana patsidya, nayang'ana mlamu wawo.

"Imwe ku Zumbo?"

"Sininapondeko. Nimaima apo, pa mwala uyo, kulimbana na asodzi."

"Ndiye makina aya anama?"

"Sanama, atate," anatero Febbie. "Asokonezeka chabe. Mlongoti wa..."

"Iwe khala chete. Mlandu wako sunathe."

A Yakobe anasisita chibwano. Kenaka anatenga foni ya Febbie, naikulunga m'pulasitiki mmene ankasungiramo fodya, naiika m'thumba la malaya.

"Ku Zumbo sunapite, navomera. Koma unanamiza anti ako, unathawa sukulu chifukwa cha ichi. Chipita na ine ku Mphuka. Uzachiona ukalemba giredi 12."

"Atate, mavidiyo a sayansi..."

"Sankha. Foni ikwere, kapena ukwere iwe."

Febbie anayang'ana thumba la malaya lija. Chaka chathunthu ndi miyezi, popanda mabotolo osintha mtundu, popanda pofunsa mafunso ake onse aja. Zinamuwawa kwambiri, koma sanachedwe kuyankha.

"Ikwere foni, atate."

A Yakobe anakankhira bwato m'madzi. Anakana kugona ku Boma, ati maukonde awo ali m'madzi. Awiriwo anaima pamchenga mpaka bwato linakhota.

Pobwerera, a Esnart anayenda patsogolo. Atafika pa njira yokhotera kumsika anaima, osatembenuka.

"Febbie."

"Anti."

"Nakulakwira, mwana wanga. Ninaona Everlyn pankhope pako."

Febbie anali asanamvepo munthu wamkulu akupepesa mwana. Sanadziwe poyang'ana.

"Pita kunyumba ukachape yunifomu, yakwinyika," anatero a Esnart. "Ine nipita kukasaka Valentino. Uyonso nifunika kumupepesa, pamene paja pamsika, anthu akumva."