Kabwato ka Mphira

Bambo Kerbrat ankayeza chilichonse. Misomali, zingwe, nsapato za woulutsa ndege, zonse zinkayamba zakwera pa sikelo ya nsomba imene anabwereka kudoko, moti antchito ake ankati tsiku lina adzayeza ndi mpweya womwe. Munali mu 1927, ndipo mkuluyu, amene anamera imvi akukhoma ngalawa, anali atalumbira kuti ndege imene ankapanga idzanyamuka kwawo ku Brittany n'kukatera ku Amereka osapumira panjira.

Wosoka nsalu yokuta mapiko anali Honorine, ndipo wodzaulutsa ndegeyo anali mwamuna wake, Erwan. Monga ana ambiri a asodzi, Erwan sankadziwa kusambira, pakuti makolo ake ankati wosambira m'madzi ozizira aja amangochedwetsa imfa yake. Choncho mtima wa Honorine unali pa chinthu chimodzi basi: kabwato ka mphira kochita kupopa, koti ndege ikagwera m'nyanja munthu akhalepo podikira sitima.

Kabwatoko katakwera pa sikelo, bambo Kerbrat anapukusa mutu.

"Makilogalamu khumi ndi awiri. Ameneyutu ndi petulo wambiri, mayi. Katsale."

"Ndiye muwasiyenso amuna angawa, si akulemera kuposa kabwatoko?" anatero Honorine.

Erwan anaseka. "Inu akazi anga, ine ndikupita ku Amereka, sindikukapha nsomba ayi."

Honorine sanamuyang'ane n'komwe. "Nanga ndikachotsa makilogalamu amenewo pena, kakwera?"

"Apezeni," anayankha mkuluyo, poganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Sankamudziwa bwino mayiyu. Sabata yonse Honorine anasakasaka zoti achotse. Anachotsa khushoni ya pampando, anamasula ubweya wa m'kati mwa chikhoti cha Erwan, ngakhale botolo la vinyo wa maapozi nalo linatsala, Erwan akudandaula ngati waferedwa. Anakwanitsa asanu ndi anayi. Atatu otsalawo anawapeza pomwe sankafuna: kunsi kwa mapiko, kumene masiku onse ankaphatikiza nsalu ziwiri, anaikako imodzi, ndipo mankhwala olimbitsa nsalu anapaka kawiri m'malo mwa kanayi. Dzanja linkakana, koma anadziuza kuti nsalu imodzi yosokedwa bwino imakwana, ndipo ikapanda kukwana, kabwato kalipo. Bambo Kerbrat anagogoda phikolo ndi chala, linalira ngati ng'oma, ndipo anavomera.

M'mawa wa tsiku la ulendo, Honorine anapinda yekha kabwatoko n'kukaika kumbuyo kwa mpando, kenaka anapita kukaima ndi amayi anzake kumapeto kwa bwalo lonyamukira ndege. Ndege inathamanga mtunda wautali, yolemedwa ndi petulo, mpaka inanyamuka motsala pang'ono kukhudza nsonga za mitengo. Anthu anakupiza zipewa. Iye anali wokondwa, poti zake anali atachita.

Atabwerera m'shedi mopangira ndege kukatenga lumo lake, anaona thumba kuseri kwa chitseko. Analivundukula. Kabwato kanali momwemo, kopindidwa mmene anakapindira iye mwini.

Bambo Kerbrat anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Anapempha yekha Erwan, mayi. Anati m'malo mwake tionjezere petulo. Akuti mapiko osoka inu sanamugwiritsepo mwala, ndiye bwato ndi la chiyani."

"Za nsalu ija munawauza?"

Mkuluyo anayang'ana pansi. "Ndimayesa munamuuza ndinu."

Honorine sanamuuze. Anaopa kuti Erwan akadziwa, angalamule kuti nsalu yachiwiri ibwerere, kabwato n'kutsala.

Mantha anamugwira. Anatuluka panja atakakumbatira kabwatoko, n'kuyang'ana kumadzulo kumene ndege inalowera. Kunali mitambo yokhayokha, ndipo mphepo inali itayamba kulimba.