Mazira a Temwani ndi Pepala Langa

Nditapuma ntchito m'boma, komwe ndinatha zaka makumi awiri ndikusainitsa mapepala ogulira katundu, ndinasindikiza makhadi akuti "Willard Chisale, mlangizi wa mabizinesi ongoyamba kumene." Bizinesi ndinali ndisanachitepo, koma wosindikiza makhadi safunsa zimenezo.

Woyamba kundikhulupirira anali Temwani, mtsikana wa ku Chibavi woweta nkhuku za mazira. Kasitomala wake wodalirika anali mmodzi yekha, Mayi Nyirenda, mwini malo ogona alendo ku Chiputula, amene ankatenga mathireyi khumi ndi awiri Lolemba lililonse. Mayiwo akanasiya, khola likanatsekedwa mwezi womwewo.

Ndinamufunsa Temwani ngati analemberana pangano ndi mayiwo. Anati ayi, amangogwirana chanza, komanso amapemphera mpingo umodzi. Ndinapukusa mutu monga ndinkachitira kuofesi, n'kumuuza kuti bizinesi ya pakamwa sikula. Ndinamukonzera mgwirizano wa masamba asanu ndi anayi. Kunena zoona, ndinangotenga wakale wa boma, paliponse pamene panali "matayala" n'kulembapo "mazira."

Tinapita tonse, ine nditavala jekete. Mayi Nyirenda anatilonjera, anatipatsa tiyi, anavala magalasi, kenako anachita chinthu chimene sindinachionepo pa ntchito yanga yonse: anawerenga pepalalo. Tsamba ndi tsamba, chala chili pamzere.

Anafunsa Temwani ngati ali ndi lole ya matani atatu. Analibe. Anamufunsanso ngati mazira ake angayende makilomita zikwi makumi anayi osaphulika, poti tsamba lachinayi linkalonjeza choncho. Temwani anayang'ana pansi. Tsamba lachisanu ndi chimodzi linkati wogulitsa wosakwaniritsa izi achotsedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri.

"Adada, ndisaine?" anandifunsa mayiwo, cholembera chili m'manja. "Ndikasaina, mwanayu ndiye wapita. Mwalemba ndinu."

Ndinayamba kufotokoza kuti m'boma tsamba limenelo sitinkaliwerenga. Kenako ndinangomwa tiyi.

Anapinda pepalalo bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Yewo chomene, adada," anathokoza m'Chitumbuka. "Temwani, Lolemba ubweretse khumi ndi asanu, alendo achuluka. Ubwere wekha."

Masiku ano ndikamaphunzitsa achinyamata ku Nkhorongo, ndimawauza kuti ndinalowererapo kamodzi kokha pa bizinesi ina ya mazira, oda inakwera ndi mathireyi atatu tsiku lomwelo. Amalemba m'makope.