Ubweya m'ming'alu ya azakhali a Burul

"Ndinakuuzani kuti musakhudze kanthu."

"Ndiye mlendo azinjenjemera m'nyumba mwanga ngati galu? Iwe Kanyshai, sukulu yakuzunguza mutu."

Tinkakangana monong'ona kukhitchini, ine ndi azakhali anga a Burul. Pabalaza aphunzitsi anga a Toktobek ankamwa tiyi wamkaka wothira mchere, fani yathu ikadali pakhomo.

Ndinali kumaliza maphunziro oyeza momwe nyumba zimasungira kutentha. Timatseka paliponse, fani imakoka mpweya, makina n'kuonetsa mphepo yolowera m'ming'alu. Kenako nyumba imapatsidwa chilembo, kuyambira A, yofunda kwambiri, mpaka G, yozizira kwambiri. Chaka chino kwathu kuno ku At-Bashy, nyumba za F ndi G zokha ndi zomwe aboma azimate makoma ndi kuziika mawindo atsopano mwaulere chisanu chisanafike. Ya azakhali ndi G weniweni. Madzi amaundana m'ndowa pafupi ndi bedi. Ndinachita kuchonderera kuti mayeso anga ndidzachitire pano.

Makina anati C.

Ndimakonda zinthu zofuna kuswa mutu, koma ichi sichinanditayitse nthawi. Makoma onse anali atakutidwa ndi makapeti aubweya obwereka kwa aneba. Nditavundukula kapeti imodzi ndinapeza mng'alu wolowa dzanja utatsekedwa ndi ubweya wa nkhosa. Mawindo anali atamatidwa ndi mapepala ndi sopo. Pansi pa chitseko chakuseri anatsinikapo chikhothi cha malemu amuna awo.

Azakhali anati mudzi wonse unamva kuti kukubwera munthu wophunzira wochokera ku likulu la dziko, ku Bishkek. Ndiye abwerere akunena kuti kwa Burul kumazizira? Amayi a mumsewu wonse anabwera kudzawathandiza, ena mpaka kukwera padenga.

Ndinathamangira pabalaza kukapempha kuti tichotse zonsezo, tiyezenso. A Toktobek anandikumbutsa phunziro loyamba: nyumba imayezedwa kamodzi, momwe taipezera. Komanso makina anali atatumiza kale zotsatira ku ofesi. Anati ine ndakhoza, sindinalakwitse paliponse. Kenako anatola nthuli ina ya nkhosa m'mbale.

"Mayi, nyumba yanu ndi yofunda bwino zedi," anatero.

Azakhali anamwetulira n'kundiponyera diso la munthu wopambana mlandu. Anandiuza kuti ndisangoti tong'o ngati mtengo, ndiwathirire aphunzitsi tiyi wina.

Ndinathira mpaka anasefukira patebulo.

"Azakhali, eni makapetiwa akadzatenga mawa, inu mudzafunda chiyani?"