Roketi Yosalala ya Lorne

Alongo anga awiri, Wendell ndi Lorne, anayamba kuulutsa maroketi ali ana asukulu, ndipo imvi zinawapeza asanasiye. Ine Verna, mkulu wawo, ntchito yanga inali kunyamula khofi ndi perogi, timikate toika mbatata mkati, kupita nazo kumunda wa a Hildebrandt kumene kalabu yathu ya maroketi imakumana, ndi kuwadzudzula onse awiri mosakondera. Ntchito yachiwiriyo ndimaidziwa bwino.

Maroketi ake si opita kumwezi. Ndi mpope wa katoni yolimba, zipsepse za pulayiwudi, mphuno yosongoka ya pulasitiki, ndi injini yaikulu ngati chitsononkho. Ikafika pamwamba, kaonga kamaphulika mkati n'kukankhira parachuti kunja, ndiye imatsika pang'onopang'ono, mwini wake n'kuyamba ulendo wokaitola kumene mphepo yakaitaya. Amuna akuluakulu a zidzukulu amathera Loweruka lathunthu pa zimenezi.

Wendell anali maso a kalabu. Roketi ikasowa m'mwamba, anthu onse atakweza mitu kukamwa kuli yasa, iye ndiye ankanena modekha kuti, "Iyo, kumanzere kwa nkhokwe za tirigu," ndipo tonse tinkatembenukira komweko. Lorne, wamng'ono wathu, anali manja. Moyo wake wonse anagwira ntchito yopenta magalimoto ku Wynyard, ndipo inamusiyira matenda: sangaone kanthu kokhakhala osakagwira ndi chala. Ngakhale tebulo la kwanga amalisisita akamadya.

Nkhani ya maso a Wendell tinaimvera m'khitchini mwanga, chisanu chili pachimake. Anati dokotala wa ku Saskatoon wamuuza kuti pakati pa diso pakufa, m'mbali mokha ndimo mudzatsale, ndipo palibe amene angadziwe kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Ananena ngati akunena za tayala lophwa. Ine ndinalira, Lorne anayang'ana m'kapu yake.

Patapita milungu ingapo kunabwera chibokosi chachitali kunyumba kwa Lorne, chimene Wendell anaitanitsa. Munali zipangizo za roketi yaikulu kuposa zonse zimene awiriwa anapangapo, yofika pachifuwa munthu ataimirira.

"Iweyo umange, ine pomata guluu sindikupaonanso bwino," anatero Wendell. "Koma ndikufuna ndiione ikukwera ndi maso angawa asanathe. Yofiira, yoti ngakhale wakhungu aione."

"Musadandaule achimwene, ikhala yoti anthu asiye kudya," anayankha Lorne.

Pamenepo ndiye panali vuto, koma sitinalione.

Anamanga limodzi miyezi yotentha ija, m'garaja mwa Lorne. Wendell ankagwira mpope, Lorne n'kumalowetsa zipsepse m'mipata yake, akukangana ngati kale za kuchuluka kwa guluu. Ndikapita ndi chakudya ndinkawapeza mitu itagundana, wailesi ikulira payokha. Ndimakonda kukumbukira masiku amenewo. Pofika mu Ogasiti roketi inali itaima pakona, yathunthu, chingwe cha parachuti chomangidwa kale. Inangotsala penti.

Kuno nthawi youlutsa ndi yaifupi. Munda wa a Hildebrandt umapezeka akakolola tirigu mpaka chipale chofewa chigwe, kenaka tsiku limodzi kapena awiri asanadzale. Kalabu imakumana kamodzi pamwezi. Ndipo pali chizolowezi chimene aliyense amachidziwa: roketi yatsopano umayamba waiulutsa yosapenta, ya maliseche monga amanenera iwowo. Ikabwerako yamoyo ndiye umaiveka. Anthu amaseka, koma palibe amachita nazo manyazi.

Mu Seputembala Wendell anati, "Tiyeni nayo ya maliseche yomweyo."

Lorne anakana. Pampope wa katoni pamakhala kamzere kozungulira kuchokera pansi mpaka pamwamba, kochepa koti chikhadabo chokha n'chimene chingakamve. Iye anafuna kukatseka kaye ndi phala la matabwa, kupala ndi sandipepa, kupopera penti yotuwa yoyambira, kupalanso.

"Roketi yanu yomaliza iuluke ngati mpope wa pepala la kuchimbudzi? Pamaso pa kalabu yonse? Ayi achimwene, ndipatseni mwezi umodzi."

"Yomaliza wanena ndiwe," anatero Wendell, akuseka pang'ono. "Chabwino, mwezi umodzi."

Tsiku limenelo tinapitabe kumunda kukaonera za ena. Wendell anatsatira roketi ziwiri mpaka pamwamba, mutu ataupendeketsa kuti aonere m'mbali mwa diso. Yachitatu inamusowa. Ndinamuuza Lorne zimenezi. Anagwedeza mutu, nati akufulumira.

Anafulumiradi, ndipo kufulumirako n'kumene kunamugwetsa. Penti yofiira anaipopera bwinobwino. Koma kutatsala masiku ochepa kuti tikumane mu Okutobala, anapopera yonyezimiritsa pamwamba pake yofiirayo isanaume mkati, garaja ili yozizira. Munthu wopenta magalimoto moyo wake wonse. Kutacha anapeza mbali imodzi yonse itachita makwinya ngati khungu la pachigongono.

Loweruka lake kunacha bwino kwambiri. Kumwamba kunalibe kamtambo, mbendera ya papositi ili lende. Ndinakamutenga Wendell atavala kale jekete lake la kalabu, tinaima pakhomo pa Lorne, ine n'kuliza hutala. Sanatuluke. Ndinamusiya Wendell m'galimoto n'kulowa m'garaja.

Roketi inali itagona pa matabwa awiri, Lorne ali ndi sandipepa m'manja.

"Ika pansi chimenecho," ndinatero. "Nyamula tizipita."

"Taonani kaye, achemwali."

"Ndaona. Makwinya. Inenso ndili nawo, koma kutchalitchi ndimapita. Kodi ikanika kuuluka?"

"Kuuluka iuluka."

"Ndiye?"

"Ikafika patebulo loyendera maroketi asanauluke, aliyense aigwira. Gord Sawatzky wa m'kalabu uja aigwira. Adziwa kuti ndapenta ndine."

"Gord Sawatzky roketi zake amapenta ndi burashi ya mpanda! Mbale wako ali m'galimotomo wavala jekete. Akufuna kuona kadontho kofiira m'mwamba, basi. Ukuganiza kuti makwinya ako akawaona ali kumtunda kuja?"

"Ndi chifukwa chake ndikufuna ikhale yabwino. Ndi yake." Ndinadziwa kuti sakunama. Lorne sadziwa kunena kuti ndimakukondani. Amadziwa kupala ndi kupenta. Koma chikondi chamtundu umenewo chimafuna nthawi, ndipo nthawiyo sinali yake.

Tikukangana choncho, Wendell anafika pakhomo la garaja akupapasa khoma. Anamva zonse.

"Iwe Lorne, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero. "Lero kwacha bwino."

"Kuli Novembala, achimwene. Ndikulonjeza."

Wendell sanali munthu wopempha kawiri, ngakhale tili ana. "Manja ndi ako," anatero, n'kubwerera kugalimoto. Ndisanatuluke ndinamva sandipepa itayamba kulira kumbuyo kwanga. Ndinamenyetsa chitseko mpaka zitini za penti zinagwa pashelefu.

Chipale chofewa chinagwa Okutobala asanathe, ndipo sichinachokenso. Za Novembala zinathera pomwepo.

Khirisimasi itangodutsa, diso labwinopo la Wendell linatuluka magazi mkati. Anamubaya majakisoni ku Saskatoon, ine ndikumuyendetsa pamsewu woterera, koma zinali ngati kutunga madzi ndi dengu. Anasiya kuwerenga, anasiya kuonera masewera a hoke, anayamba kutizindikira ndi mawu. Lorne ankabwera tsiku lililonse kudzamuchotsera chipale pakhomo, koma za roketi panalibe amene anatchula. Ndinkaona magetsi a m'garaja mwake akuyaka ndikamadutsa. Anaichotsa penti yonse n'kuyambiranso, ataika chotenthetsera pambali. Sindinamuyankhule mpaka Isitala, ndipo sindikupepesa.

Mu Meyi a Hildebrandt anatipatsa Loweruka limodzi asanadzale. Lorne anabwera nayo roketi itakulungidwa m'bulangete. Atavundukula patebulo loyendera, anthu anasiyadi kudya. Inali yofiira ngati yonyowa, mitambo ikuonekera pathupi pake. Gord Sawatzky anapukuta manja pathalauza asanaigwire.

"Iyi si youlutsa, iyi ndi yokwatira," anatero Gord. Anthu anaseka, Lorne sanaseke.

Wendell ndinamukhazika pampando wopinda pafupi ndi bokosi la batani loulutsira. Anavala jekete lomwe lija. Lorne analowetsa injini, anailowetsa roketi panjanji yake yachitsulo, analumikiza mawaya, n'kubwerera pang'onopang'ono ngati akusiya mwana kusukulu. Anagwira dzanja la Wendell n'kuika chala chake pabatani.

"Ili kutsogolo kwanu, achimwene. Molunjika."

"Ndikudziwa kumene njanji imakhala, iwe."

Wolengeza anatchula dzina la Wendell pachimkuzamawu, anawerenga manambala chotsitsa, ndipo Wendell anadina. Injini inabangula, utsi woyera unakhuthukira paziputu za tirigu, roketi n'kunyamuka mowongoka bwino, osagwedera ngakhale pang'ono. Inali yokongola, ndisaname. Mtima unandiwawa chifukwa cha kukongola komweko.

Injini ikatha moto pamakhala bata, roketi ikukwerabe payokha. Kadontho kofiira kanachepa, kanachepa, n'kutisowa tonse. Ndiye panachitika chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anthu onse aja, mitu ili m'mwamba, anangoti zii. Ankadikira. Kwa zaka zonsezi pamalo amenewa pamabwera mawu a munthu mmodzi, ndipo makutu athu anali atazolowera. Mawuwo sanabwere. Ena anayamba kutsokomola.

"Iyo," ndinatero ine pomaliza, parachuti itatambasuka. "Kum'mawa, pamwamba pa mitengo."

Mphepo inali itadzuka pang'ono. Roketi inatera kutali, ndipo parachuti inaikoka paziputu isanagone. Lorne anapita yekha kukaitenga. Anatenga nthawi, ndipo pobwera anali ataifukata ndi manja awiri. Anaiika pamiyendo pa Wendell.

Wendell anayamba kumphuno. Anatsitsa zikhato zake pang'onopang'ono, akuitembenuza, akufufuza kamzere kaja ndi chikhadabo. Sanakapeze.

"Yasalala," anatero. "Palibe angakutsutse."

Kenaka chala chake chinaima pamwamba pa chipsepse chimodzi. Ziputu zinali zitaikala pamenepo, mzere wautali wofika mpaka papenti yotuwa ya pansi. Anauyendetsa chala kupita, kubwera.

"Yakalika."

"Ee, achimwene."

"Ulendo woyamba womwewu."

"Ee."

"Ndiye ukanaisiya ndi makwinya ake, ziputu sizikanasankha." Ananena mopanda ukali, ngati munthu amene akungoona mmene zinthu zilili. Ndikanakonda akanakalipa.

Anthu anali atabwerera ku maroketi awo, wolengeza akuitana dzina lina. Tinatsala atatu, monga tinkatsalira pakhonde la amayi. Wendell anakweza nkhope kumene ankaganiza kuti kuli Lorne, n'kuphonya pang'ono.

"Verna amangoti iyo, iyo, sadziwa kufotokoza. Tandiuza iweyo mwini penti. Inaoneka bwanji ikukwera? Dzuwa linaigwira?"

Lorne anagwada pansi, maondo ake m'matope, dzanja lake pafupi ndi la Wendell pathupi la roketi ija.

"Sindinaione, achimwene," anatero. "Ndimayang'ana inu."