Shati ya Torvald Yasanduka Nyanja

Torvald anakhuthulira zovala zonse pabedi, koma shati yake yabuluu sinaoneke. Ndiyo ankavala poimba akodiyoni pa gule wa pakati pa chilimwe chaka ndi chaka, ndipo guleyo anali mawa lake.

"Gunvor, shati yanga ija mwachapa?"

Mkazi wake sanadzutse mutu pa chowombera nsalu. Luso limeneli mayiyu sanaphunzitsidwe ndi munthu. Atapuma ntchito kufakitale ya nsomba anayamba kujambula ndi makala, kenako n'kumawomba zithunzizo ndi sanza zodula timalamba. Chithunzi chake chachikulu chinali choti chikapachikidwe muholo ya m'mudzi tsiku la gule lomwelo, koyamba m'moyo wake.

"Munaiponya pati?" anafunsa.

"M'dengu la pakhomopa."

"La kumanja kapena la kumanzere?"

Torvald analoza la kumanzere. Aliyense pa chilumba chawocho ankadziwa kuti chagwera m'dengu la kumanzere kwa Gunvor ndi chakudya cha sizasi. Ngakhale aneba ankadzatayamo zakutha zawo.

"Nayi shati yanu," anatero Gunvor akuloza nyanja ya pachithunzipo. "Buluu wotere ndinamusowa mpaka kuwonda naye. Ndimayesa mwandimvera chisoni."

"Chisoni chanji? Ndinavala imeneyi tsiku lomwe ndinakufunsirani. Ichotsenimo."

"Madzi akatayika saoleka, abambo. Muvala timalamba?"

"Ichotsenimo basi."

Gunvor zinamupweteka, poti kuchotsa nyanjayo kunali kupha chithunzi chonse. Koma shatiyo sinali yake. Anatola sizasi.

Torvald anavala magalasi kuti atsanzikane bwino ndi malaya ake. Pakati pa nyanjapo anaona bwato, m'bwatomo muli kamunthu ka mimba yaikulu kakukoka akodiyoni. Pachifuwa pa kamunthuko panali batani lomwe analizindikira.

"Chimimba ichi n'chandani?"

"Kafunseni galasi."

"Mwawonjeza, mayi."

"Ndachita kuchepetsa. Sanza zinandithera."

Bamboyo anayesa kukwinya nkhope, koma phwete linamupulumuka. Analanda sizasi ija n'kuiika m'thumba.

Mawa lake anaimba atavala shati yoyera, yothina moti mabatani ankapempha chifundo. Nyimbo ikangotha ankaimitsa ovina.

"Musapite kwanu musanalowe muholomo," ankatero. "Mukaone shati yanga. Zaka zonsezi ili pathupi panga palibe anaiyamikirapo, koma lero anthu akuchita kuiimira pamzere."