Dzina la pa Mwala wa Neil

"Haigh," anatero Bambo Trevor, akugogoda ndi chala pepala la mawu oti alembedwe pa mwala wa pamanda. "Zilembo zisanu basi. Wosema miyala sangavutike nazo."

Mwana wawo Gillian anathira tiyi osayang'ana munthu. Panali patapita masiku anayi chiikireni mlongo wake Neil, amene anafa pa ngozi ya njinga yamoto ku London asanakwanitse zaka makumi atatu. Mkazi wa malemuyo, Imogen, anakwera sitima mpaka ku Barnsley chifukwa cha pepala lomweli.

"Anthu amamudziwa kuti Neil Ashcombe, bambo," anatero Imogen. "Pa kanema, m'zisudzo, ponseponse. Obwera kumanda adzafunafuna dzina limenelo."

"Ashcombe wanuyo ankafa m'sewero kasanu ndi katatu pa sabata, anthu n'kumawomba m'manja. Kamuikeni nokha. Ine ndaika mwana amene anachita manyazi ndi dzina la bambo ake."

"Manyazi ati? Ndi lamulo la bungwe la ochita zisudzo. Anthu awiri saloledwa kukhala ndi dzina limodzi, ndipo Neil Haigh analipo kale, nkhalamba ina ya ku Leeds. Inu munkamudulira foni, ndiye anatuma Gillian kuti akufotokozereni."

Bambowo anatembenuka pang'onopang'ono. Zaka zisanu ndi zinayi anali atakhala osalankhula ndi mwana wawo chifukwa cha dzinalo.

"Gill?"

Gillian ankakumbukira bwinobwino mawu a Neil pa foni, akupempha ngati kamwana. Koma amene anatsala pakhomo anali iye, kuchapa, kuphika, kuwaperekeza kuchipatala, pamene Neil akangooneka pa kanema msewu wonse unkamutchula. Mkwiyo wa bambo akewo ndi chokhacho chimene chinamusandutsa mwana wokondedwa.

"Sanandiuze kanthu ine," anatero. "Anthu a zisudzo, adadi, bodza ndiye ntchito yawo. Taonani mmene mkazi wakeyu akulirira mwaluso."

Bambo Trevor analemba Haigh. Pamzere wapansi, pamene Imogen anali atalembapo kale kuti "wochita zisudzo", anafufuta mpaka pepala linabooka.

"Sitima yanu ndi ya folo koloko, mayi," anatero.

Potuluka, Imogen anasiya chikwama pampando. "Zachokera m'chipinda chake chovalira ku zisudzo. Mwina mungazifune."

Gillian anachitsegula ali yekha m'khitchini. Munali jekete lakuda la sewero lake lomaliza, likununkhabe thukuta. Pakolala, osoka zovala anali atamatapo kansalu kolembedwa Ashcombe. Neil anali atakhwatcha dzinalo ndi cholembera, n'kulemba pansi pake ndi dzanja lake lokhotakhota lija: Haigh, mwana wa Trevor.

"Muli chiyani m'menemo?" anafunsa bambowo ali pabalaza.

"Nsanza basi, adadi."

Gillian anatsegula dilowa n'kutenga sizasi kuti adule kansalu kaja.