Injini Yozungulira ya a Kamphinda

1.
Loko wa pa boneti anamuphwanya ndi hamala. Anagwira hamalayo ndi bambo aang'ono a Lafaelo, mng'ono wa malemu bambo anga, ati makiyi angasowe bwanji m'nyumba ya maliro ngati palibe wawabisa. Polankhulapo maso anali pa amayi. Amayi ankayang'ana nkhuku.

2.
Pa Mponela ponse ankadziwa. Galimoto ya a Kamphinda, bambo anga, yotambalala ngati chule, yomwe inakhala pa njerwa m'shedi ine ndisanabadwe, ili ndi injini yozungulira. Yopanda mapisitoni. Bambo anaipanga nawo ku America ali mnyamata, kampani itaisiya inatsala imodzi padziko lonse. Yathu. Ine Elinati ndinamenyapo ana kusukulu chifukwa cha injini imeneyi, chonsecho sindinaionepo ndi kamodzi komwe.

Boneti isatsekulidwe. Lamulo la pakhomo pathu linali lokhalo.

3.
Wofuna kugula anachokera ku Lilongwe, bambo wa kapusi wosonkhanitsa magalimoto akale. Anasuzumira. Anaseka kaye.

Madala, mwandiyendetsera chiyani? Iyi ndi injini wamba. Taonani mapulagi awa, ili ngati ya lole.

Bambo aang'ono anatembenuka pang'onopang'ono.

Alamu, injini ili kuti?

4.
Zimene achibale anagawana:
majekete a suti
njinga
wailesi yosalankhula
masipanala
mbuzi
magalasi a maso, omwe azakhali anatenga ngakhale amaona bwinobwino

Chimene anakana: kusudzula amayi. Amayi ndi a chitengwa, kwawo ndi ku Ntcheu, nyumba yathu ili pa malo a kuchimuna. Bambo aang'ono anagamula ali chiimire. Injini ikabwera tiwamasula mwaulemu, akhala m'nyumbamu mpaka imfa. Ikapanda kubwera, njira ya ku Ntcheu akuidziwa. Galu wamkota sakandira pachabe, ine ndinanunkhiza kalekale.

5.
Manyazi andigwire, koma nanenso ndinayamba kununkhiza, chifukwa bambo atagonekedwa m'chipatala miyezi yonse ija ndani ankasunga makiyi, ndani ankasesa m'shedi yekha osalola ngakhale ine kugwira tsache, nanga anyamata a zitsulo zakale aja anaima pa geti ndi ngolo yawo anakamba zotani ndi amayi nthawi yaitali ija, nanga malata atsopano a pakhitchini anagwa kumwamba kodi, nanga munthu akamakunenera kuba sukalipa bwanji, sulira bwanji, ungokhala phee n'kumasankha nyemba ngati nkhaniyo ndi ya anthu a nyumba ina, amayi anga enieni ondibereka, ndinkawayang'ana m'manja ngati ndipezamo oilo

6.
Amayi, injini ili kuti?

Iwenso?

Ndangofunsa.

Wafunsa. Tola mbalezo.

7.
Inu bambo. Mukukumbukira? Ndili sitandade 4 ndinakufunsani mmene imayendera. Munajambula ndi chala pa dothi, dzira lalikulu, mkati mwake kanthu ka ngodya zitatu. Kamangozungulira, munatero, kopanda kukwera ndi kutsika. Ikanatha kuyenda bwino. Koma inkamwa mafuta, inkatulutsa utsi, ndiye mafuta atakwera mtengo akuluakulu anangobwera m'mawa wina n'kutiuza kuti basi. Magalimoto ake anali atawakonza kale, mphuno zazifupi, akudikira.

Nanga ya m'galimoto mwathu?

Munafufuta dzira lija ndi phazi. Pita ukathandize amayi ako.

Boneti isatsekulidwe.

8.
Ndinaitana a Dinala, makaniko wa pa msika. Sindinawaitanire chilungamo ayi. Ndinkafuna andiuze mwezi umene injini inasinthidwa kuti ndiwagwire amayi pakamwa.

Analowa pansi chagada. Anakanda ndi chikhadabo. Anatuluka dzimbiri lili mu ndevu.

Mayi, bawuti yomasulidwa siibisika, sipanala imasiya mano. Izi zogwira injinizi penti wake ndi wa ku fakitale, sanang'ambikepo. Anachita kuipanikiza, taonani, theka lalowa pansi pa galasi, malowa sanali ake. Koma inabwera momwemu.

Ndiye kuti palibe chinachotsedwa?

Palibe.

Ndiye kuti bambo anga ankanama?

Aaa, ine ndine wa mabawuti, mayi. Za anthu sindidziwa.

9.
Mtima unandiwawa kawiri. Koyamba chifukwa cha amayi, omwe ndinawayesa mbala. Kachiwiri chifukwa cha inu, bambo. Mipando yonse munapatsidwa ija. Pa ukwati kutsogolo, pa maliro kutsogolo, ku komiti ya sukulu a injiniya alankhule kaye. Zonse pa chitsulo cha lole.

Wabodza.

Ndinalitchula liwulo m'shedi ndili ndekha.

10.
Tsiku la mlandu anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pa mipando, ife pa mphasa. A Dinala ndinawaimika kuseri kwa khola, akudikira kuti ndiwakodole.

Alamu, komaliza. Injini ili kuti?

Ndinayamba kudzuka. Amayi anandikoka chitenje mpaka ndinagwa chokhala. Mphamvu zimenezo sindinkadziwa kuti ali nazo.

Ndinagulitsa, anatero.

Kwa ndani?

A zitsulo zakale. Anaiphwanya, simungaipezenso.

Azakhali anayamba kulira. Bambo aang'ono anapukusa mutu, koma nkhope yawo inali ya munthu wokhuta. Mwamva nonse. Injini ya achimwene, imodzi yokha padziko, ntchito ya manja awo, kuigulitsa pa sikelo ngati poto wobooka. Achimwene anali munthu wamkulu, mkaziyu sanawayenere.

Anawasudzula tsiku lomwelo, opanda mawu othokoza. Mwezi ukamatha nyumba ikhale yotseka.

A Dinala anadikira, anatopa, anabwerera ku msika.

11.
Tikumanga katundu. Ine ndikuponya mapoto m'thumba mwaukali.

Mwataya nyumba chifukwa cha bodza la mwamuna. Ine a Dinala anandionetsa, amayi. Bambo ananamiza mudzi wonse, inu muvutikirenji?

Samala pakamwa pako. Bambo ako sananamepo.

Amayi.

Unawamva liti akunena kuti ili mmenemo? Tandiuza tsiku lake.

Ndinafufuza m'mutu. Pa khonde, ku tchalitchi, m'chipatala. Ndinapeza dzira la pa dothi, ndinapeza phazi. Mawuwo sindinawapeze. Aliyense amene anandiuzapo za injiniyo anali ataimva kwa munthu wina.

Gwira uku, anatero amayi. Chingwechi n'chachifupi.

12.
Izi amayi anandiuza tili m'minibasi, titadutsa pa Dedza, maso ali pawindo.

Kale. Mnyamata wabwerako ku America, ntchito inatha, wawonda, sakudya, amangokhala kuseri kwa nyumba. Amupezera mkazi wa ku Ntcheu kuti mwina achangamuka. Galimoto yake yafika pa lole, abale aizungulira.

Lafaelo ndiye akutsogolera. Achimwene, zaka zonse zija, injini tinkamva ija ili kuti? Kapena kumeneko munkangosesa? Anthu akuseka. Ngakhale amayi ake omubereka akubisa pakamwa ndi chitenje.

Mnyamatayo sadziwa kunama. Akupita ku boneti kuti awaonetse zoona zake, zithe. 

Mkazi uja, yemwe sanalankhulepo pamaso pa apongozi chibwerere, akudzuka pa mphasa.

Ili momwemo. Musatsekule, fumbi la kuno lingaiononge.

Kuseka kwatha. Lafaelo akuchotsa dzanja pa galasi, akulipukuta pa buluku. Wina wathamangira m'nyumba, wabwera ndi mpando wa alendo.

Mwamunayo akuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali.

Akukhala pa mpandopo.